Magazi Akaleka, Mphuno Siinachire

Unali mpira wa Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, pabwalo lina lafumbi kuseri kwa mashopu a ku Old Town. Dzuwa linali litawamba nthaka moti kutentha kumamveka kudzera m'nsapato. Kona itamenyedwa, anyamata anayi analumphira mpira umodzi. Atatu anatera ndi miyendo. Wachinayi, mwana wa mlongo wanga wa zaka 16, anatera chogwada, manja onse awiri ali kumaso, ndipo magazi anayamba kudutsa pakati pa zala zake.

Sichinali chibakera, sichinalinso chiwembu. Mnzake wa timu inayo analumpha atatambasula mikono, chigongono n'kukumana ndi mphuno. Ine ndinali kunja kwa mzere, koma kulirako ndinakumva: kuti thyo, ngati wina waponda kamtengo kouma.

Posakhalitsa tonse tinamuunjirira, aliyense ndi nzeru zake. "Yang'ana kumwamba, iwe!" "M'thireni madzi pamutu!" Wina anapota kapepala n'kumutseka mphuno. Tinamugoneka chagada pamthunzi, iye akumeza magazi ndi kutsokomola. Patapita kanthawi magazi analeka, ndipo nkhope za tonsefe zinamasuka. Mphunzitsi wa timu anamusisita paphewa n'kumuuza kuti walira mvula walira matope, adzuke akamalize mpira. Mwanayo anatembenukira kwa ine.

"Amalume, ndilowe?"

Ndinamukaniza, koma chifukwa changa chinali chakuti jezi inali itanyowa magazi, osati kuti ndimadziwa kanthu. Tinakwera minibasi kupita kunyumba, ndipo amayi ake titawafotokozera tinagwirizana kuti zatha, poti magazi aleka.

Lolemba m'mawa anadzuka akupumira kukamwa. Mphuno inali itatsekeka mbali zonse ziwiri, thupi layamba kutentha, ndipo ululu m'malo mochepa unali ukukula. Kuchipatala, dokotala sanayambe ndi makina alionse. Anatenga katochi, n'kukweza nsonga ya mphuno ndi chala, n'kusuzumira mkati. Kenaka anandiitana kuti nanenso ndione. Pakhoma lapakati pa mphuno panali chotupa chofiirira, chofewa, chonga nthudza yakupsa, chitatsekereza njira ya mpweya. Anatiuza kuti ndi magazi amene anaunjikana mkati kuyambira Loweruka lija, ndipo ayenera kutulutsidwa tsiku lomwelo.

Magazi amene tonse tinalimbana nawo pabwalo paja sanali oopsa kwenikweni. Oopsa anali awa, amene sanatuluke.

Denga la timafupa tiwiri

Gwirani mphuno yanu kuyambira pakati pa maso kutsika m'munsi. Kumtunda n'kolimba. Kumeneko kuli timafupa tiwiri topyapyala, totsamirana ngati denga la nyumba. Mukatsika pang'ono mupeza pofewa, pamene mungapinde uku ndi uku: chimenecho ndi chicherewecherewe, ndipo ndicho chimapanga gawo lalikulu la mphuno. Mkati muli khoma logawa mabowo awiri, kutsogolo kwake ndi chicherewecherewe, kumbuyo ndi fupa. Khoma limeneli ndilo mzati wa nyumbayo. Likafooka, denga limatsika.

Pa mafupa onse akumaso, a mphuno ndiwo amathyoka kawirikawiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: mphuno imatsogola, ndipo mafupa ake ndi opyapyala. Chigongono, phewa, chipumi cha mnzako, bondo la goloboyi, mtengo wa golo, ngakhale mpira womenyedwa mwamphamvu chapafupi, chilichonse mwa izi chikhoza kuithyola.

Chakutsogolo kwa khoma lija kumakumana timitsempha tambiri ta magazi, tokhala pafupi kwambiri ndi khungu. Pamenepa ndi pamene pamachokera kamfuno. Mu Lilongwe, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, mpweya umauma, fumbi limachuluka, ndipo ana ambiri amatuluka magazi m'mphuno popanda wowagunda. Tinazolowera. Kuzolowera kumeneku ndiko kumatipusitsa pabwalo la masewero, chifukwa timatenga mphuno yogundidwa ngati kamfuno wamba. Kuchuluka kwa magazi sikunena kukula kwa vuto. Mphuno ikhoza kukha magazi odzaza kapu fupa lili bwinobwino, ndipo ina ikhoza kuthyoka n'kungodontha madontho owerengeka.

Amene anaonera mpikisano wa Euro 2024 pa kanema akukumbukira za Kylian Mbappé. Pa 17 Juni chaka chimenecho, ku Düsseldorf, France ikusewera ndi Austria, iye analumpha kuti amenye mpira ndi mutu, nkhope yake n'kukagunda phewa la Kevin Danso. Jezi yoyera inafiira, mphuno inatupa, ndipo madokotala anatsimikiza kuti yathyoka. Masewero otsatira, olimbana ndi Netherlands, anaonerera ali pabenchi. Anabwerera pokumana ndi Poland atavala chigoba choteteza nkhope, n'kugoletsa penate. Anyamata athu ambiri anaona chigobacho ndi chigolicho. Chimene sanaone ndi gulu la madokotala amene anamuyeza usiku womwewo, n'kumamuyang'anira tsiku ndi tsiku.

Kuzindikira

Nthawi yabwino yoonera mphuno ndi mphindi zoyambirira, isanatupe. Pakapita ola limodzi kapena awiri kutupa kumabisa zonse, yokhota ndi yowongoka zimaoneka chimodzimodzi. Mukhazikeni pansi wovulalayo, inu muime kumbuyo kwake, muyang'ane msana wa mphuno kuchokera pamwamba, kutsika kuchokera pachipumi. Kukhota kumaoneka bwino mukayang'ana chotero kusiyana ndi kumuyang'ana maso ndi maso. Anthu ambiri mphuno zawo n'zopendekeka pang'ono chibadwire, choncho funsani mwini wake, kapena yerekezani ndi chithunzi cha pafoni kapena cha pachiphaso cha unzika.

Mphuno yothyoka imapweteka kwambiri mukakhudza pafupa. Nthawi zina imamveka kukhetchera pansi pa chala, ngati mukufinya pepala louma. Bowo limodzi kapena onse awiri amatsekeka. Mawa lake m'munsi mwa maso mumada ngati munthu wamenyedwa zibakera, ngakhale diso silinakhudzidwe, chifukwa magazi amayenderera pansi pa khungu. Koma musaifinyefinye pofuna kutsimikiza, ndipo musayese kuiwongola nokha. Pamabwalo athu sipasowa mkulu wodzitama kuti iye anawongolapo mphuno zambiri ndi zala. Kukoka fupa losaoneka, m'mphuno yotupa, kukhoza kuyambitsanso magazi ndi kung'amba za mkati zimene zinali zisanang'ambike.

Tsono za magazi. Zimene tinachita ife Loweruka lija zinali zolakwika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munthu akayang'ana kumwamba kapena akagona chagada, magazi saleka, amangosintha njira. Amatsikira kukhosi, amamutsamwitsa, ena amalowa m'mimba n'kumusanzitsa, ndipo inu mumaganiza kuti aleka poti simukuwaonanso. Choyenera n'kumukhazika tsonga, aweramire kutsogolo pang'ono, apumire kukamwa, ndipo atsine pofewa pa mphuno, m'munsi mwa fupa, kwa mphindi 10 mpaka 15 osasiya. Pamenepa ndi pamene ambiri timalephera: timatsina mphindi imodzi, n'kumasula kuti tione ngati aleka, magazi amene anayamba kuundana n'kusunthikanso. Yang'anani nthawi pafoni. Magazi ofika m'kamwa alavule, asameze.

Chozizira chimachepetsa kutupa. Pamabwalo a m'tauni sipakhala madzi oundana a kuchipatala, koma mayi wogulitsa mafilizesi sakhala patali. Gulani awiri, akulungeni m'kansalu koyera, muike pamsana wa mphuno ndi m'masaya kwa mphindi pafupifupi 15. Osaika chozizira pakhungu popanda nsalu. Masamba, fodya, dothi ndi mapepala a nyuzipepala zisalowe m'mphuno. Wothandizayo avale magolovesi, ndipo ngati palibe, jumbo yoyera yovala kudzanja ndi yabwino kuposa dzanja lopanda kanthu. Magazi a munthu wina sagwiridwa chisawawa, kaya ndi a m'bale wako. Pa ululu mupatseni panado. Aspirin ayi, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche. Chigongono chimene chathyola mphuno chagwedezanso mutu wonse. Ngati wovulalayo anakomoka ngakhale kanthawi kochepa, ngati sakukumbukira zimene zachitika, akufunsa funso limodzimodzi kambirimbiri, akusanza, akuyenda mwadzandidzandi, akugona tulo tosadziwika bwino, kapena mutu ukupweteka mowonjezereka, vuto lafika ku ubongo. Akadandaula khosi, kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo, musamudzutse mwamphamvu kapena kumunyamula ngati thumba. Ngati akuona zinthu ziwiriziwiri, diso likulephera kutembenuka, kapena tsaya lachita dzanzi, mwina fupa lozungulira diso lasweka. Mano akapanda kulumana monga kale, ganizirani nsagwada. Madzi oyera mbee, opyapyala, odontha m'mphuno mosalekeza, makamaka akawerama, akhoza kukhala madzi ozungulira ubongo, kusonyeza kuti chigaza chang'aluka pansi pake. Ndipo magazi akapitirira mphindi 20 kapena 30 mukutsina bwinobwino, nyamukani.

Victor Osimhen ndi chitsanzo cha kugundana kumene kunapitirira mphuno. Mu Novembala 2021, Napoli ikusewera ndi Inter mumzinda wa Milan, anawombana mitu ndi Milan Škriniar, ndipo mafupa a tsaya ndi ozungulira diso anasweka. Anachitidwa opaleshoni, anamuika tizitsulo kumaso, ndipo sanapite nawo ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon mu Januwale 2022, womwe uja Flames inafika mundime ya matimu 16 ndipo Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chapatali polimbana ndi Morocco. Chigoba chimene Osimhen amadziwika nacho chinayambira pamenepo.

Magazi obisala

Ndibwerere ku nthudza ija, chifukwa ndi imene anthu ambiri sanaimvepo, ndipo ndi imene imawononga nkhope za ana mwakachetechete.

Chicherewecherewe cha khoma lapakati chilibe mitsempha yakeyake ya magazi. Chimadya kudzera pa kakhungu kopyapyala kamene kanachikuta mbali zonse ziwiri. Mphuno ikagundidwa, timitsempha tikhoza kuphulika pakati pa kakhunguko ndi chicherewecherewe, magazi n'kudzaza pamenepo ngati madzi m'thumba. Kakhungu kakatalikirana nacho, chicherewecherewe chimasowa chakudya ndipo chimayamba kufa m'masiku ochepa chabe. Magazi oima aja amakomera tizilombo, amasanduka mafinya, ndipo mafinya a pamalo amenewa ali pafupi ndi ubongo. Khomalo likasungunuka, msana wa mphuno umatitimira, pakati n'kuchita chigwa. Kukonza mphuno yotere kumafuna opaleshoni yaikulu, imene ambiri a ife sitingaifikire. Kwa mwana vutolo limakula, chifukwa khoma limeneli limathandiza kukula kwa pakati pa nkhope.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kupewa zonsezi n'kosavuta. Dokotala amachititsa dzanzi pamalopo, amacheka pang'ono, amatulutsa magaziwo, amaika zotsekera kuti asadzazenso, n'kupereka mankhwala opha tizilombo. Chofunika n'chakuti wina asuzumire mkati msanga. Tochi ya pafoni ndi yokwanira kuti kholo kapena mphunzitsi aone ngati pakhoma lapakati pali chotupa chofiira kapena chofiirira, mbali imodzi kapena zonse ziwiri. Chotupachi chikhoza kubwera ngakhale fupa silinathyoke, ndipo nthawi zina sichioneka tsiku loyamba, choncho suzumiraninso mawa lake ndi mkuja. Mphuno yotsekeka kotheratu, ululu wokulirakulira ndi kutentha thupi pambuyo pogundidwa si chimfine. Mwana wa mlongo wanga anapulumuka chifukwa amayi ake anaona kuti akugona kukamwa kuli yasa, n'kukana kudikira tsiku lina.

Mbali ziwiri za mzinda, cholakwa chimodzi

Lilongwe ndi mzinda wa mipira. Pali Bingu National Stadium ku Area 48, imene inatsegulidwa mu 2017, pali Silver Stadium ku Area 47, Civo ku Area 9, Nankhaka ku Area 30. Pafupi ndi Bingu pali nyumba ya masewero yotchedwa dzina la Griffin Saenda, mphunzitsi wa Queens uja, imene inamangidwa pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Pamasewero a ligi yaikulu, wosewera akagwa mumaona anthu akuthamanga ndi chikwama. Koma mphuno zambiri za mumzinda uno sizithyokera pamenepo. Zimathyokera pamabwalo a sukulu, pamalo opanda nyumba m'mphepete mwa msewu pamene ana amakankha chikulunga, pa mpira wa madala Lamlungu m'mawa, pa ntchemberembaye ya amayi a kumpingo, pamene chikwama palibe ndipo dokotala ndi aliyense amene wafuula kwambiri.

Wina angaganize kuti kumayadi, ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, nkhaniyi ilibe ntchito, poti kumeneko kuli magalimoto ndi makadi a inshuwalansi. Ndaona kuti nakonso amaphonya, kungoti amaphonya mwa njira ina. Mwana akagundidwa pa basketball kapena pa hockey kusukulu, makolo amathamangira kuchipatala cholipira n'kukalimbikira kuti ajambulidwe X-ray. Chithunzi chikatuluka chosaonetsa kanthu, amabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma X-ray sithandiza kwenikweni pa mphuno. Sionetsa chicherewecherewe, sionetsa magazi obisala aja, imaphonya ming'alu ina, ndipo nthawi zina imaonetsa mizere yachibadwa ngati kuthyoka. Madokotala a mphuno amadalira maso, zala ndi mafunso awiri: kodi mphuno yasintha maonekedwe, ndipo kodi mpweya ukudutsa? Kujambula kwa CT kumafunika pamene akukayikira kuti chigaza, diso kapena nsagwada zakhudzidwa. Kholo la ku Area 43 limene lakhutira ndi chithunzi ndi malume wa ku Old Town amene wakhutira poti magazi aleka, onse asiya nkhani pakati.

Ndipo pali kalendala imene ambiri saidziwa. Mphuno yokhota siwongoledwa ili chitupire, pokhapokha wovulalayo atafika isanatupe n'komwe. Dokotala amadikira masiku 5 mpaka 7 kuti kutupa kutsike, aone bwino mmene fupa lakhalira. Koma fupa silidikira. Limayamba kulumikizana pamalo pomwe lagwerapo, ndipo pakatha pafupifupi milungu 2 kuliwongola mwa njira yapafupi kumavuta. Kwa ana nthawiyi imachepa, chifukwa mafupa awo amagwirana msanga. Choncho akakuuzani kuti mubwerenso sabata yamawa, sikuti akukuthamangitsani. Tsiku limenelo ndi lofunika mofanana ndi loyamba. Ambiri safika, chifukwa pofika nthawiyo ululu wachepa, ntchito yayamba, ndalama ya minibasi yapita ku ndiwo. Amadzazindikira patapita miyezi kuti bowo limodzi silipuma, akuliza mkonono, akutopa msanga akamathamanga. Si mphuno iliyonse yothyoka imene imafuna kuwongoledwa. Ngati ili mowongoka ndipo mpweya ukudutsa, imapola yokha m'milungu pafupifupi 3. Koma wonena zimenezo akhale amene wayang'ana mkati.

Pa nkhani ya mtunda, a mu Lilongwe tilibe chodandaula chachikulu. Bwaila ili mu Old Town momwemo. Kamuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 1977, ili pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo ndi kumene zipatala za chigawo chapakati zimatumiza odwala ovuta. Pambali pake pali Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chipatala cha mafupa ndi ubongo. Chimene chakhala chikuchepa m'dziko muno ndi akatswiri a makutu, mphuno ndi kukhosi. Kwa zaka zingapo Dr Wakisa Mulwafu wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anali yekha dokotala wa opaleshoni wa nthambi imeneyi m'Malawi monse, ndipo anathandiza kuyambitsa maphunziro a madokotala othandizira odziwa za makutu ndi mphuno. Zinthu zasinthako, komabe akatswiriwa ndi ochepa ndipo mizere yawo ndi yaitali. N'chifukwa chake tsiku loyamba lomwelo funsani poyera kuti: kodi mwayang'ana khoma lamkati, ndipo ndibwerenso liti, kwa ndani? Yankholo lilembedwe m'buku la kuchipatala.

Masiku odikira kuti kutupa kutsike ali ndi malamulo ake ochepa. Wovulalayo agone mutu uli pamwamba, pa mapilo awiri. Asamine mwamphamvu, ndipo akafuna kuyetsemula atsegule pakamwa. Magalasi olemera asakhale pamsana wa mphuno. Asanyamule zolemera. Bala likakhalapo pakhungu, makamaka lolowa dothi la pabwalo, funsani za katemera wa kafumbata. Madala a mpira wa Lamlungu amene amamwa mankhwala a BP kapena ochepetsa kuundana kwa magazi anene zimenezi kwa dokotala, chifukwa magazi awo amavuta kuleka.

Chigongono

Akuluakulu anati mphuno salota, ndipo n'zoona kuti ngozi zina palibe angazione zikubwera. Mbappé sanagundidwe ndi munthu wankhanza. Komabe mukaonetsetsa mmene mphuno zimathyokera pa mpira wamiyendo, mupeza kuti zambiri zimachitika pamalo amodzi: m'mwamba, anthu awiri akulimbirana mpira wa mutu, mmodzi mkono uli panja. Pamenepa pali zimene tingachite.

Choyamba chili m'manja mwa woyimbira. Mu 1994, pa World Cup ya ku America, Mauro Tassotti wa Italy anathyola mphuno ya Luis Enrique wa Spain ndi chigongono, woyimbira osaona. FIFA itaonera kanema inamuletsa masewero 8. Malamulo a mpira masiku ano salola kumenya mnzako kumaso ndi mkono, ndipo chigongono choponyedwa mwamphamvu ndi kadi yofiira. Vuto ndi lakuti kumabwalo ang'onoang'ono woyimbira amakhala yekha pakati pa masapota olusa, ndipo amasankha kusaona. Ana amaphunzira msanga zimene zimaloledwa. Wotchinga kumbuyo akaona kuti chigongono chimamupatsa mpira popanda chilango, mawa adzachikweza kwambiri. Ine ndimaona kuti mphunzitsi amene amauza mwana kuti "mumvetse kuwawa" ali ndi mlandu waukulu kuposa mwanayo.

Malamulo omwewo amati wosewera amene akutuluka magazi atuluke m'bwalo, ndipo asabwerere mpaka woyimbira atakhutira kuti magazi aleka ndipo pa zovala palibe magazi. Lamuloli ndi labwino, koma tisalimve molakwika. Limanena za magazi okha. Silinena kuti mphuno ili bwino, silinenanso kuti ubongo uli bwino. Wogundidwa kumaso mwamphamvu moti mukukayikira kuthyoka, kapena amene waonetsa chizungulire ngakhale pang'ono, tsiku limenelo mpira wake watha. Kuyambira mu 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupatsa timu mwayi wina wosintha wosewera amene akuganiziridwa kuti wavulala mu ubongo. Ngati akatswiri olipidwa mamiliyoni amatulutsidwa, mwana wa Fomu 3 akuikiranji moyo pachiswe chifukwa cha chikho cha mbuzi?

Zina ndi za kuphunzitsa. Mwana aphunzire kulumpha maso ali otsegula, mikono ili pafupi ndi thupi, ndi kumenya mpira ndi chipumi. Osewera a timu imodzi aziitanizana, wina akati "wanga!" mnzake apatuke, chifukwa nthawi zina amene amawombana mitu ndi anthu ovala jezi imodzi. Goloboyi akamatuluka afuule. Tileke kusakaniza ana a zaka 12 ndi anyamata a ndevu pofuna kukwaniritsa chiwerengero. Chigongono cha wamkulu chimakhala pamlingo wa mphuno ya wamng'ono. Mpira wa chisisira, umene timaukonda chifukwa kwazizira ndipo anthu aweruka, uzitha kukadali kowala. Maenje, miyala ndi zitsa za pabwalo zimagwetsa munthu chafufumimba, ndipo kuzichotsa sikufuna thandizo lochokera kunja.

Pa ntchemberembaye ndi basketball ngozi ili pansi pa golo, pamene manja ambiri amalimbirana mpira wobwerera, ndiponso pa mpira woponyedwa mwamphamvu kwa mnzako amene sakuyang'ana. Pa nkhonya mphuno ndiyo chandamale. Zipewa zambiri zoyeserera zimateteza chipumi ndi masaya koma mphuno zimaisiya pamtunda, choncho chitetezo chenicheni ndi mphunzitsi amene amaphatikiza anthu olingana thupi ndi luso, amapereka magolovesi okulirapo poyeserera, ndipo amaimitsa nkhonya magazi akangoyamba. Womenya mpira wa cricket avale chipewa chokhala ndi zitsulo kumaso, chimodzimodzinso goloboyi wa hockey. Kapulasitiki koluma m'kamwa n'kabwino, kamateteza mano ndi milomo, koma mphuno sikaidziwa.

Nanga chigoba chija? Malamulo amachilola ngati sichingavulaze wina. Koma cha akatswiri chimaumbidwa molingana ndi nkhope ya mwini wake, kuti mphamvu ya kugunda ipite pachipumi ndi m'masaya, osati pamphuno. Chogula pamsika chosakwana bwino chikhoza kukanikiza pomwe pathyokapo ndi kutchinga maso m'mbali. Mbappé yemweyo anadandaula poyera kuti chimamuvuta kuona. Kwa ambiri a ife chitetezo chimene tingakwanitse ndi nthawi: milungu pafupifupi 6 osachita masewero ogundana, kapena monga dokotala wanenera. Fupa limene langoyamba kugwirana silifuna nkhonya yaikulu kuti lithyokenso.

Timu iliyonse ya m'dera imasonkha ndalama ya jezi, ya mpira, ya woyimbira ndi ya madzi. Pa ndalama yomweyo pangapezeke kachikwama ka magolovesi, mabandeji, nsalu zoyera ndi panado. Koposa kachikwamako, pangapezeke munthu mmodzi, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi kholo, kaya ndi wosewera wa pabenchi, amene waphunzira chithandizo choyamba. Malawi Red Cross Society, imene likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno, imaphunzitsa zimenezi, ndipo St John nayonso imatero. Tsiku lija tinalipo akuluakulu oposa khumi, ena aphunzitsi, ena ogwira ntchito ku Capital Hill, koma panalibe mmodzi wodziwa kuti mwanayo aweramire kutsogolo.

Mwana wa mlongo wanga anatulutsidwa magazi aja Lolemba lomwelo. Sabata yotsatira, kutupa kutatsika, anamuwongola mphuno, n'kumumata kachotetezera pamwamba pake kwa masiku angapo. Milungu isanu ndi umodzi inamutalikira kwambiri. Loweruka lililonse amapita kubwalo n'kukakhala kunja kwa mzere, akusunga nsapato ndi mafoni a anzake, akuwerenga masabata ndi zala. Mphunzitsi anayesa kawiri kumunyengerera kuti alowe mphindi khumi zokha, ndipo kawiri konse amayi ake anatumiza mawu.

Anabwerera mu Disembala, mvula yoyamba itagwa, fumbi litasanduka matope ofiira. Ndinapita kukamuonera. Chigawo choyamba mipira ya m'mwamba amaizemba, amafika mochedwa dala, ndipo sindinamudzudzule. Chakumapeto kwa chigawo chachiwiri timu yake inapeza kona. Ndinamuona akuyang'ana amene waima pambali pake, akuyeza mtunda, kenaka ndinamva mawu ake pamwamba pa phokoso lonse: "Wanga!" Mnzake anapatuka. Anaumenya ndi chipumi, mpira n'kudutsa pamwamba pa golo kukagwera m'munda wa chimanga chongomera kumene, ndipo ana atatu anathamangira kukautola.